Nsabwe ndi Mlandu wa Bulangete

Lolemba, 4 Novembala

Kuyabwa kwayambanso. Kukanakhala kumsana kapena m'khwapa bwenzi zili bwino, koma ndi kumusi kuja koti munthu sungakande pagulu. Lero kuntchito anandiika pamakina ositira nsalu za pabedi za kuhotela. Manja onse awiri ali pansalu, ine m'munsimu ndikungovina ngati ndaponda linthumbu. Kapitawo anandiyang'ana kawiri. Ndinamumwetulira kuti aziyesa ntchito yandikomera.

Mwina ndi sopo watsopano uja. Mwina ndi madzi a kuno. Koma ndatha chaka ndi miyezi itatu m'dziko la eni lino khungu langa osadandaulapo, ndiye lero chavuta n'chiyani?

Lachiwiri, 5 Novembala

Sopo ndasintha. Kuyabwa kuli pomwepo.

Lachitatu, 6 Novembala

Mayo ine! Ndaziona ndi maso angawa.

Ndinadzitsekera kubafa ndi kagalasi kam'manja ndi tochi ya pafoni. Tinthu ting'onoting'ono totuwa, tokakamira kutsinde kwa tsitsi. Ndinayesa nkhanambo, mpaka kamodzi kanasuntha. Nsabwe! Za m'mutu ndimazidziwa, tinkaphwanyana nazo tili ana. Koma za kumeneko? Ine mayi wa ana awiri, munthu amene ntchito yanga ndi kuchapa kuyambira m'mawa mpaka madzulo?

Wailesi, mnzanga wogona naye chipinda chimodzi, uja pakamwa pake sipazimitsidwa, anagogoda. "Mwafera momwemo kodi asisi?" Ndinati m'mimba.

Ndakhala ndikuganiza kuti zachokera kuti. Nsalu za kuhotela? Koma timavala magolovesi ndi epuloni. Mpando wa chimbudzi? Kaya. Amene ndikumukayikira kwambiri ndi bulangete laubweya lija ndinagula pakaunjika mwezi watha, kutayamba kuzizira, amuna anga ali pafupi kubwera kudzandiona. Sindinalichape, linkaoneka loyera. Ndi lomwelo basi.

Ndiye poti iwo anafunda bulangete lomwelo sabata ziwiri zathunthu, kuyambira pa 5 mpaka pa 19 Okutobala, bwanji ngati ndinawapatsira? Mutu wanga waima.

Lachinayi, 7 Novembala

Lero ndachita zauchitsiru ziwiri, chachitatu chinatsala pang'ono.

Choyamba. Poweruka ndinalowa m'famase, sitolo ya mankhwala ya pakona. Wogulitsa anali bambo wandevu, kumbuyo kwanga mzere wa anthu asanu. Chilankhulo cha kuno ndimangodziwa moni, zikomo ndi mawu a kuntchito. Ndinamuonetsa chithunzi cha nsabwe pafoni. Iye anatambasula manja, kufunsa kuti pati. Chala changa chinanyamuka chokha n'kuloza kumutu. Anandipatsa kachipeso ka mano othinana. Ndinathokoza mwaulemu n'kutuluka nako.

Chachiwiri. Kachipesoko ndinakasiya pabedi, Wailesi n'kukaona. Anandikhazika pansi pompo, mutu wanga pakati pa mawondo ake, n'kuyamba kufufuza mzere ndi mzere. Atatopa anati, "Asisi, m'mutu muno mulibe kanthu, ngakhale dzira limodzi. Zili kuti nsabwezo?" Maso anga anatsikira okha kumusi. Iye anati, "Ooo." Ooo wake wautali uja.

Mankhwala ake anali okonzeka kale: meta zonse, paka parafini, apo ayi faira mankhwala ophera mphemvu. Akuti msuweni wake anachira choncho. Potuluka anaponyako kamawu: "Komatu zimenezo sizibwera ndi mphepo."

Ndagwa m'manja oipa. Wailesiyu ndi mnzawo wa alamu anga, achemwali awo a amuna anga. Awiriwo ndi chala ndi mkombaphala, Lamulungu lililonse amacheza pafoni. Alamu omwe aja ananena pamaso pa anthu tsiku londiperekeza kuti mkazi akapita kunja yekha banja limatsala pabwalo la ndege. Nkhani iyi ikawapeza, ndani adzamvere za bulangete? Zaka 14 za banja zithere pa kachirombo kosaposa njere ya mpiru?

Chachitatu chija: chitini cha mankhwala a mphemvu ndinachinyamuladi mpaka kubafa. Ndinachigwedeza. Kenako ndinakumbukira mmene mphemvu imagwera chagada miyendo ili phiriphiri, ndinakachibweza pansi pa sinki.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndakwera basi mpaka kumapeto, kufuna famase yoti sakandionanso. Ndinapeza mayi wachikulire wa imvi, magalasi ali pamphuno. Ulendo uno ndinalemberatu zonse pafoni ndili m'basi, foni n'kumasulira, ine n'kungomupatsa ndikuyang'ana pansi. Anawerenga nkhope yake osasintha, ngati ndamufunsa mankhwala a chimfine. Ananditengera m'kachipinda ka kumbuyo, tinakhala pansi, foni ikuyenda uku ndi uku.

Ndilembe ndisanaiwale. Mankhwala ndi opaka. Ndipake malo onse a tsitsi m'thupi, m'khwapa momwe, koma kumaso ayi, asayandikire m'maso. Ndisambe ikakwana nthawi imene yalembedwa papepala lake, ndisawonjezere poganiza kuti afulumira kugwira. Pakatha masiku 7 ndipakenso, chifukwa mazira ena safa ulendo woyamba. Zovala, matawulo ndi zofunda ndichape m'madzi otentha madigiri 60. Zosachapika ndimange m'pulasitiki sabata yathunthu. Kumeta sikuthetsa. Nditatchula parafini ndi mankhwala a mphemvu anavula magalasi n'kupukusa mutu nthawi yaitali. Akuti zimawotcha khungu, anthu amagonekedwa nazo m'chipatala.

Kenako analemba: "Amuna anu nawonso alandire mankhwala. Muwauze."

Ndinamufotokozera za bulangete. Anapendeketsa dzanja uku ndi uku. Akuti zimatheka, koma mwa apo ndi apo. Kawirikawiri zimachoka pathupi la munthu kupita pathupi la munthu. Ine ndinalimbikira kuti changa ndi cha apo ndi apo chomwecho. Sanatsutse. Anangotulutsa kakhadi ka chipatala choyeza matenda opatsirana pogonana, akuti ndi bwino kukayezetsa ndi ena omwe. Ndinakana ndi manja awiri. Ine mwamuna ndimadziwa mmodzi chibadwire! Anakaponyabe m'kajumbo ka mankhwala. Ndakaika m'buku lino kuti kazindisungira tsamba, kagwireko ntchito.

Ndapaka madzulo ano. Fungo lake silikoma, koma mtima wakhalako pansi.

Loweruka, 9 Novembala

Tsiku lopuma, koma ndalithera kuchipinda chochapira cha pansi pa nyumba yathu. Makina atatu onse ndinadzaza ine. Mayi wa chipinda choyandikana anabwera ndi dengu lake, anandiyang'ana, anabwerera. Bulangete silingalowe m'madzi otentha, lingafote, ndiye ndalimanga m'pulasitiki wakuda n'kulikankhira pansi pa bedi. Likhale m'ndende momwemo. Sabata ikatha ndikalitaya.

Pokonza pashelefu ya kubafa ndapeza lezala lija ndinagula amuna anga akubwera, likadali m'pepala lake. Chikwatiranireni, kumeta kwa kumeneko ndimawameta ndine. Ndi kathu ka awiri, ndipo tinkaseka kuti ndikadzamwalira adzasanduka tchire. Nditabwera kuno ankandiseka pafoni kuti tchire lakula, likudikira mwini munda. Koma atafika ndinapeza ameta kale, mpaka adzicheka pawiri. Anati, "Ndimafuna ndikupepuzeni ntchito amayi, mumatopa." Zinandiwawa pang'ono, koma sindinafune kuwononga masiku ochepa amene tinali nawo.

Kaya ndikulemberanji zimenezi. Ndikapachike zovala.

Lamulungu, 10 Novembala

Ndalankhula ndi ana. Wamkulu wakhoza masamu, wamng'ono dzino lachoka. Bambo awo anatenga foni pomaliza, ali bwinobwino, nthabwala zili m'kamwa. Ndinawayang'anitsitsa pavidiyo ngati angadzikande. Sanadzikande. Ndinatsanzika n'kudula foni, ya nsabwe ndisanaiyambe.

Masana Wailesi anali pakhonde ndi alamu pafoni, kuseka mpaka kutsokomola. Ndinamata khutu pachitseko. Ndinangomva za nsalu ya ukwati wa winawake. Koma anayamba ndi nkhani yanji ndisanafike pachitseko?

Lachiwiri, 12 Novembala

Kuyabwa kwachepa koma sikunathe. Mayi wa imvi uja ananena kuti kumatsalira masiku angapo, ndisathamangire kupakanso tsiku lisanakwane. Ndayang'ana ndi kagalasi, palibe choyenda. Kapena maso anga ndi amene atopa?

Tsiku lonse popinda matawulo ndimayeserera mawu. "Abambo, kuli kavuto kakang'ono." Ayi. "Abambo, mukukumbukira bulangete lija?" Ayi, zikumveka ngati bodza lokonzekera. Choonadi chenicheni, koma m'kamwa mwanga chikumveka bodza. Ndikanakhala iwo, ndikanakhulupirira?

Ndinalephera kupirira, ndinamufunsa Wailesi ngati wauza alamu. Anakhumudwa zenizeni. "Asisi, ndine Wailesi inde, koma batani ndili nalo." Kenako anakhala pabedi langa, chinthu chimene wakhala akupewa sabata yonse, n'kunena motsitsa mawu: "Koma inu, bwanji mlanduwu mukungodziimba nokha? Pabulangetepo munafunda anthu angati?" Ndinamuuza kuti asandisokoneze, mutu wanga ndi wosokonezeka kale.

Lachitatu, 13 Novembala

Mawa ndiwauza. Likagwa ligwe.

Lachinayi, 14 Novembala

Ndawauza.

Nthawi ya nkhomaliro ndinapita kuseri kwa nyumba yochapira, paja pamatuluka nthunzi yotentha, poti sipafika munthu. Poyamba ndinaphonya, ndinaimbira nambala ya sukulu ya ana. Kachiwiri anayankha iwo.

"Abambo, pali nkhani. Chonde mumve kaye mpaka kumapeto, musakwiye."

"Nenani amayi, kwagwanji?"

Ndinakhuthula zonse: kuyabwa, nsabwe, bulangete la pakaunjika, kupusa kwanga kosalichapa. Ndinalumbira pa ana anga kuti palibe mwamuna wina anandikhudzapo ngakhale chala. Ndinalira ndithu. Kenako ndinatseka maso kudikira chiphaliwali.

Anati, "Aa, zimenezo? Musalire amayi, n'zazing'ono. Ine ndingakukayikireni inu? Bola mupakenso kachiwiri sabata ikatha, kamodzi kokha mazira safa. Ndipo musavutike n'kumeta, sikuthandiza."

Ndinawathokoza. Katatu konse! Ndinabwerera kuntchito thupi lili pepuu, ndikuimba. Kapitawo anandikwezera chala chachikulu.

Ndinali pakati popinda mulu wachiwiri wa matawulo pamene manja anaima okha. Za kupaka kachiwiri ndinawauza ine? Ndabwereza mawu anga onse m'mutu, sindikupezamo. Mankhwala sindinawatchule n'komwe, ndinali ndisanafikepo. Za kumeta ndiye ayi ndithu. Munthu amene mutu ukamupweteka amandiimbira foni kuno kufunsa kuti amwe mapiritsi angati. Mwina anawerenga penapake. Mwina mnzawo wina zinamuchitikira. Mwina ndinanenadi ndili m'kulira n'kuiwala.

Koma sanafunse kuti, nanga ine ndichite chiyani? Munthu wouzidwa kuti mwina wapatsiridwa nsabwe, funso loyamba si limenelo?

Matawulo anayi ndinapinda mokhota, anandibwezera.

Lachisanu, 15 Novembala

Tsiku la 7. Ndapaka kachiwiri m'mawa uno. Podikira nthawi yosamba ndinakhala m'mphepete mwa bafa, maso ali pa lezala lija lili m'pepala lake. Ndinawerenga masiku chobwerera m'mbuyo, ndi zala, ngati mwana wa sukulu. Bulangete ndinagula pa 3. Iwo anafika pa 5, atameta kale, atadzicheka pawiri. Munthu wodziwa kuti kumeta sikuthandiza anadziwira pati?

Ndasolola pulasitiki pansi pa bedi kuti ndikataye. Ndinafika nalo pachitseko, n'kubwerera. Ndamasula. Bulangete lili phee, lofewa, lofunda ngati kale. Pafupifupi sabata yathunthu m'ndende popanda wolifunsa mbali yake. Ndaliyala pabedi. Mpaka ndinalipepesa mokweza, Wailesi akumva.

Foni yalira kawiri, ndi iwo. Sindinayankhe. Atumiza uthenga wa liwu limodzi: "Mwapaka?" Za mankhwalawa akuzidziwa bwino kuposa ine.

Sindikudziwa kuti ndidzawafunsa bwanji, kapena ngati ndikufuna kumva yankho lake. Mtima ukuwawa, ndipo ndili ndi mantha amene dzulo ndinalibe. Ndatumiza uthenga kwa kapitawo kuti ndichedwa. Kuseri kwa kakhadi ka mayi wa imvi kuli mapu ojambula ndi cholembera, sindinawaone tsiku lija. Akuti kuchipatalako amatsegula 8 koloko.

Wailesi waona kakhadi m'manja mwanga. Wavala jekete, wanditengera langa, waima pakhomo ali chete, chinthu chimene sindinachionepo.

Kakhadi ndakachotsa, tsamba lino lidzisunga lokha. Foni ikuliranso pabulangete.