Kadontho ka Kuchidendene

Amayi, kodi kumeneko mwadzuka bwanji? Kuno ku Bembeke nkhungu yatsika mpaka pakhonde, moti sindikuuona ngakhale mtengo wa mapichesi uja mudabzala. Mankhwala amene ndikumwa amandiodzeretsa dzuwa lili paliwombo, ndiye mawu akasokonekera mundikhululukire. Nthawi zina ndimakuonani mukutuluka m'nkhungumo mutasenza dengu la kachewere, ndikati ndikutuleni, basi mwazimirira.

Chikuikireni m'manda zachitika zambiri. Tidavota, boma lidasintha, feteleza adakwera. Tereza wanga adabereka mwana wamkazi mu Epulo, tamutcha dzina lanu, ndipo akalira amachita ngati akukalipira munthu, inu nomwe ndithu. Kachewere wachita bwino kudimba, koma kabichi adatha ndi mbozi.

Tsono nkhani yanga ndi iyi. Mukukumbukira kadontho kakuda kaja ndidabadwa nako kuchidendene? Pondisambitsa munkati, "Aka ndi kachizindikiro kanga, ukadzasochera kumsika ndidzakudziwira pamenepa." Chaka chatha kadakula nkusanduka chilonda, timadontho tina takuda tidakwera mwendo wonse, mwanabele nkutupa m'mphechepeche. Ndidathowa ndi madzi otentha mpaka kutopa. Kuchipatala adangoyang'ana mwendowo nkunena kuti ndi khansa yapakhungu ija imabwera ndi matenda atsopanowa a Edzi. Magazi sadayeze, ati zikuonekeratu.

Amayi, ndidapsa mtima. Ine mwamuna wina sindimudziwa, ndiye ndidaloza chala bambo a Tereza, poti amagona ku Linthipe akapita kukagulitsa ndiwo. Ndidawanyoza pamaso pa ankhoswe, ndidatulutsa mphasa yanga kukagona kukhitchini, miyezi isanu ndi inayi osawayankha ngakhale moni. Iwo mwezi uliwonse ankandikweza panjinga kukabayitsa mankhwala, chitunda chonse chija akukankha, ine ndili duu pakaliyala ngati thumba la chimanga.

Mankhwalawo sadagwire. Dokotala wina wamkazi ataona chidendenecho adakayika, adadula kanyama nkutumiza ku Blantyre, natenganso magazi. Yankho ndalimva Lachiwiri, bambo a Tereza akudikira panja ndi njinga. Magazi anga alibe kachirombo. Khansayi ndi ina, idangofanana ndi ija pamaonekedwe. Idayambira pa kadontho kanu kaja, ndipo yafika kale kuchiwindi. Adandiuza mofatsa kuti pochiritsa padadutsa, angandichepetsere ululu basi.

Mukudziwa kuti ndidaseka? Ee, ndidaseka mpaka namwino adayesa ndazungulira mutu. Imfa sindikuiopa kwenikweni, poti kumeneko kuli inu. Chikundiwawa ndi munthu uja, amene mudzi wonse ukumuyang'ana ngati wondipha chifukwa cha pakamwa panga. Paja munkati, "Rozina, iwe lilime limakutsogolera, nzeru zimabwera pambuyo zili wefuwefu." Simudaname ayi.

Bambo a Tereza sindidawauzebe. Lero ndi tsiku lachitatu pepala la adokotala lili m'buku la nyimbo chifukwa cha manyazi. Panopa ndikuwamva akuwaza nkhuni kuseri kuti anditenthetsere madzi osamba.

Ndikudziwa mwandiyalira kale pogona, koma musafulumire kundiitana. Lamulungu likubwerali, Misa ikatha, ndidzaima pabwalo la tchalitchi, mwendo ukakana andigwirize, ndipo ndidzanena pamaso pa onse amene adamva chipongwe changa kuti bambowa ndidawanamizira. Koma ndiyamba ndi iwowo, ndikangopinda kalatayi. Ndalonjeza, Amayi.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Rozina