Kadiresi Kosoka Osayeza

12 Juni

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Ine ndili bwino, ndipo mawu amenewa muwawerenge kawiri, chifukwa ndi amene mukukana kumva.

Mukundidziwa, sindizungulira polankhula. Mwandilakwira. Mwana wanu uja, amene ndinamulera ine m'chipinda chosokeramo muno inu mutapita kutali kukagwira ntchito, wabereka, koma mpaka lero khandalo sindinaligwire. Nditapita kukaliona ndinatambasula manja, iye n'kulikokera pachifuwa, maso pansi. Mkamwini anandibweretsera tiyi m'kapu imene anaidonthezera utoto wa m'zikhadabo kunsi kwake, kuti isasokonezeke ndi zinzake. Ankayesa sindiona, ine amene ndimalowetsa ulusi pa singano popanda magalasi. Nditamupanikiza mwana wanuyo kukhitchini, anaulula kuti munamuimbira foni n'kumuuza kuti ndili ndi matenda a chiwindi, asandipatse mwana.

Nkhaniyi ndinauza inu nokha, ngati mkulu wanga, ndipo munamva theka. Imvani tsono theka linalo. Atandiyeza koyamba anati magazi akusonyeza hepataitisi C. Anayezanso kachiwiri, kufunafuna kachilombo kenikeniko, sanakapeze. Ndinamuuza dokotala kuti asandizunguze mutu, anene ngati ndikudwala kapena ayi. Anati kachilomboko kanalowadi nthawi ina, thupi linakagonjetsa lokha, koma kuyeza koyamba kuja kumaona chizindikiro chimene chimatsala, ndipo chingakhalepo mpaka ndidzafe. Ndinamufunsa ngati zili ngati msoko wophwasula, ulusi utachoka koma timabowo ta singano tikuonekabe. Anaseka, n'kuti ndi momwemo. Chimene ndilibe sindingapatsire munthu. Anangondichenjeza kuti ndingathe kukatenganso ngati magazi a wodwala atalowa mwa ine. Anatinso ngakhale amene ali nako sapatsira anzake ndi kapu, kapena ponyamula mwana.

Zonsezi ndinamufotokozera mwana wathu. Anangoti, "Amayi aang'ono, ndakumvani. Koma amayi akamva kuti ndakupatsani mwana, ndiwauza chiyani?"

Mwaona tsono. Sakuopa chiwindi changa, akuopa inu.

Za kapu ija musafunse. Inagwa. Mkamwini akakuuzani kuti inagwera pakhoma, imeneyo ndi nkhani yake.

Sindikuti mundipepese, pakamwa panu ndimapadziwa, mawu amenewo sanatulukepo chibadwire. Tengani foni yomweyo, imbani nambala yomweyo, muphwasule zimene munasoka mokhota. Ngati mawu a telala wosapita kusukulu akukuchepera, dokotalayo wati mumuimbire, akuuzani yekha. Kodi pamene ndinkamusambitsa mwana wanu, kumumeta, kumugoneka pamsana panga makina akulira, munafunsapo za magazi anga?

Moni kwa alamu, muwauze kuti jekete lawo ndinamaliza, abwere adzatenge ngati salikuopa. Kamdzukulu kathu ndakasokera kadiresi kachikasu. Chiyambire ntchitoyi sindinadulepo nsalu ndisanamuyeze munthu, koma aka ndangoyerekeza ndi maso, monga ndinamuonera nditaima chapatali. Ndakapinda, kali pamwamba pa makina. Makanda sachedwa kukula, achemwali. Mukazengereza, sikadzamukwana.

Ndine mng'ono wanu,
Telala wanu uja