Bwezani Phazi Langa Lachitsulo

Achemwali,

Ndikhulupirira kuti kalatayi ikupezani muli bwino, inu ndi alamu, ndipo bondo lija lasiya kulosera mvula. Ine kuno ndikudya, ndikugona. Ofooka ndi makutu okha, ndipo ndi omwewo andichititsa manyazi amene ndikufuna kukuuzani.

Pofika pano mwalandira katundu amene ndinatumiza ndi dalaivala wa lole uja, pamodzi ndi uthenga woti mundikonzere pogona chifukwa ntchito yosoka nsapato yatha. Musakonze. Imvani mmene zinayendera.

Kuno zinthu zasintha. Kale pamsika tinkalipira kwa a khonsolo, ndipo ndikadandaula ankandimvera, poti nsapato za mkulu wawo ndimasoka ndine. Tsopano akuti zonse zizichokera ku likulu: boma limodzi, lamulo limodzi, thumba limodzi. A khonsolo angotsala okweza mapewa. Ngakhale uwafunse nthawi, akuti afunse kaye kwa akuluakulu. Ine ndimati bomali mutu lili nawo umodzi ndithu, koma manja ndi ambirimbiri, ndipo onse amadziwa njira ya m'thumba mwanga.

Kenaka kunamveka kuti timisasa tathu tigumulidwa. M'mawa wina ndikukhoma chidendene, panafika bambo wa tayi, chikwama m'khwapa, n'kundiuza kuti mabwana ochokera ku likulu akundifuna Lachisanu ku msonkho, ndisalephere. Mukukumbukira zimene mawu amenewa ankachita kwathu. Unayamba ndi msonkho wa nyumba, anthu n'kumapanikizana m'nyumba imodzi. Boma litaona linati chabwino, tiziwerenga mitu. Unabwera wa njinga, mpaka wa galu. Mesenjala akatulukira, bambo ankalowa m'nkhokwe, mayi n'kumalira kuti amuna awo anamwalira chaka chatha, kufikira tsiku lija malemuwo anayetsemula. Anapita atamangidwa chingwe, khasu ndi nkhwangwa n'kulandidwa.

Ndinati ine zida zanga salanda munthu. Ndinamanga phazi lachitsulo lokhomerapo nsapato lija, nyundo ndi masingano, n'kutumiza kwa inu. Lachisanu litakwana, mwana wa bambo ake ndinalowa pansi pa tebulo la atelala oyandikana nane, n'kudzifunditsa nsanza. Ndinawapempha kuti wina akafunsa anene kuti ndinamwalira. Iwo, poti nkhani ya bambo ndinawasimbira kambirimbiri, anati anena, bola ndisayetsemule.

Anandivumbulula ndi mayi wogulitsa mazira, amene timamutcha Wailesi chifukwa satseka pakamwa. Anaona zidendene zanga zikusuzumira, n'kundikoka mwendo ngati nkhuku. Anati msika wonse uli muholo, akugawa malo m'shedi yatsopano, ndipo amene aitanidwe iye palibe, malo ake apita kwa wina. Ndinati ine ku msonkho sindipita, andiphere pomwepo. Anandigwira khutu n'kukuwiramo:

"Msonkhano, agogo! Msonkha-no!"

Kamchira ka kumapetoko ndi kamene makutu anga anameza.

Ndinathamanga ulusi wa atelala uli lendelende m'ndevu. Ndinalowa dzina langa likuitanidwa komaliza, mkulu wina wogulitsa malamba ataimirira kale kuti atenge malowo. Ndinayankha mokweza mpaka bwana wa ku likulu anagwetsa cholembera. Atafunsa kumene ndinali, ndinati ndinali kumaliro anga, koma ndawaimitsa kaye. Holo yonse inafa ndi phwete, iyenso anaseka, n'kundipatsa malo a pakhomo penipeni, podutsa aliyense wa nsapato yoyasamula. Pamwamba malata, pansi simenti, mvula sidzandinyowetsanso kumsana. Msonkho ulipo, ndisakunamizeni, koma ndi umodzi, wapachaka, ndipo palibe wabwera ndi chingwe. Kuyambira pamenepo tulo ndikugona ta mwana wakhanda.

Tsono vuto ndi ili: malo ali kuno, zida zili kwanu. Ndimangokhala pabenchi manja ali pamaondo ngati mlonda, makasitomala n'kumapitirira, ndipo wa malamba uja amandipatsa moni wambiri wosandikondweretsa. Wailesi akuti malo osagwirirapo ntchito amalandidwa. Chonde, dalaivala uja akamabwerera mum'patse katunduyo. Alamu ndikuwadziwa, phazilo ayamba kale kutchingira chitseko kapena kuswerapo mtedza. Muwauze kuti limenelo ndi phazi la boma tsopano, mutu wake uli ku likulu.

Mundiperekere moni kwa alamuwo, kwa ana anu onse ndi zidzukulu, ndi kwa msuweni wathu ngati akundikumbukirabe. Za pansi pa tebulozi anawo musawauze, ulemu wanga watsala wochepa kale. Koma tsiku lina mukadzadutsa kumanda, mudzawanong'oneze bambo kuti mwana wawo anawaposa: ine sindinayetsemule.

Ndine mlongo wanu,
Wosoka nsapato wouka kwa akufa