Talandira Akubwera, Musanong'one

Zomba
9 Ogasiti 2024

Amayi anga okondedwa,

Landirani moni wochokera kwa ine mwana wanu. Kodi muli bwanji kumeneko ku Nsaru? Bondo lija likukulolani kufika kudimba? Nanga abambo chifuwa chija chinasiya, kapena akukanabe kuvala juzi ngati kamnyamata? Ife kuno Mulungu akutisunga. Akamwini anu a Gladson ali bwino, mdzukulu wanu Faith wagweluka mano awiri akutsogolo ndipo akuonetsa aliyense wodutsa.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Pafoni ine ndimangoyamba kulira, inunso masiku ano mumayankhula motsitsa mawu moti zambiri sindimva. Ndiye ndati ndilembe, kuti abambo ndi mlongo wanga Owen amve nawo.

Nkhani ndi ya mng'ono wanga Talandira. Amayi, mtima ukhale pansi. Mwana wanu ali bwino kuposa mmene mukuganizira. Yatha miyezi isanu ndi umodzi chimutengereni kuno, tsiku lija ali wosadya, wosasamba, atamanga nsalu m'makutu. Lero akudya moti mbatata ya Faith ndimachita kubisa. Mankhwala amunenepetsa masaya, ndipo kumudzutsa m'mawa ndi ntchito, koma akadzuka amakhala nane pamakina osokera. Mipendero ya mayunifomu amapinda bwino kuposa ine, ndipo akudziwa, ndiye matama ake simungawathe.

Masabata awiri apitawo tinapita kuchipatala kukabayitsa jakisoni wake wa pamwezi. Adokotala anabwerezanso zomwe anatiuza poyamba, kuti matendawa dzina lake ndi sikizofeleniya, matenda a ubongo omwe amachititsa munthu kumva mawu amene ena sakuwamva. Si chamba monga ankanenera amalume, ndipo palibe anamulodza. Akuti satheratu ngati malungo, koma amagonja munthu akamapitiriza mankhwala, monga mmene azakhali amakhalira ndi shuga wawo. Alemba m'buku lake la kuchipatala kuti jakisoni azikabayitsa kwathu konko, ndipo ati akhoza kubwerera kumudzi, ngakhale kusukulu ikatsegulidwa. Ine ndinatuluka m'chipindamo ndili ndi chimwemwe chachikulu.

Koma tili m'njira mwiniwake anati sakufuna kubwera. Zinandiwawa, ndipo mukundidziwa, ndinapsa mtima. Ndinamufunsa ngati magetsi a m'tauni amuiwalitsa kwawo. Yankho linabwera patapita masiku awiri, ndipo n'chifukwa chake ndagwira cholembera.

Anali masana. Ine ndi a Gladson tinali kukhitchini tikunong'onezana nkhani yachabechabe, ya nsapato zomwe timafuna kumugulira mobisa. Talandira anali pakhonde akusankha nyemba. Ndinangomva lichero lagwa, nyemba mbwee pansi. Anaima pakhomo nkhope itasintha ngati masiku aja, n'kufunsa ngati tayankhula ndife kapena ndi anthu ake a m'mutu aja. Ine ndi pakamwa pangapa, ndinayankha msanga kuti palibe wayankhula. A Gladson ndiwo anandidula pomwepo. Anamuuza kuti tayankhula ndithu, timakamba za nsapato zake, zakuda, nambala sikisi. Mwana uja anakhala pansi n'kupuma kwambiri. Anayamba kuseka, kenako analira.

Atatonthola anandiuza zomwe sanauzepo munthu. Anati atayamba kudwala, pakhomo pathu ponse panasanduka pa manong'onong'o. Amayi a Chigwirizano cha kumpingo akabwera kudzamuzonda ankakhala pamphasa kuseri kwa zenera lake, n'kumayankhula chapansipansi kuti asamusokosere. Inu ndi abambo mukamatongola chimanga, iye akangotulukira nkhani inkaduka. Ankamva dzina lake likutchulidwa, koma akafunsa kuti mwati chiyani, munkamuuza kuti palibe, akagone. Ndiye ankasowa chogwira. Akakhulupirira inu, ndiye kuti mawu a m'mutu akula mpaka ayamba kuyankhula ngati amayi ake. Akakhulupirira makutu ake, ndiye kuti zomwe mawu aja ankamuuza, zoti abale ake akumupangira upo, n'zoona. Taganizani, mwana wa zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri kusenza zimenezo yekha!

Amayi, sindikukudzudzulani ayi. Ine ndemwe ndinachita zomwezo nditabwera pa Khirisimasi, ndipo mwamva kuti ndinabwerezanso kuno. Tonse tinaleredwa kuti pa wodwala sitikweza mawu, ndipo za matenda ake sitikamba iye akumva. Ndi ulemu, ndi chifundo. Koma pa matenda awa chifundo chathucho n'chimene chinkamuzunza, ndipo ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Ndinakawafotokozera anamwino amene amamuona, a Sara. Anati iye akafunsa tiziyankha zoona basi. Ngati tayankhula, timuuze zomwe tanena. Ngati sitinayankhule, timuuze kuti ife sitinamve kanthu koma tikudziwa kuti iye wamva, osamutsutsa, osamuseka. Pakuti ndisakunamizeni, mawu aja sanatheretu. Amabwera mwa apo ndi apo, iye akuti ngati wailesi ya nyumba yachitatu. Koma tsopano akafunsa n'kuyankhidwa, amangogwedeza mutu n'kupitiriza kusoka.

Choncho kuno taika lamulo, kunong'ona ayi. Vuto lake nyumba zathu zalendizi n'zogundana. Pano mzere wonse ukudziwa kuti a Gladson amaliza mkonono, ndiponso kuti Lamlungu ndinapsereza nyemba chifukwa cha macheza. Aneba akuti anthu a ku Lilongwe ndife aphokoso. Anene, ine zilibe nane kanthu. Chiikireni lamuloli mwana sanagwetsenso lichero.

Tsopano pempho langa, ndipo ndi limodzi lokha. Talandira wavomera kubwera. Tinyamuka Loweruka pa 24 mwezi uno, ine ndimuperekeza ndipo ndikhala masiku atatu. Koma wavomera mwamantha. Wanena poyera kuti akakapeza zija za kale abwerera nane. Ine kumusunga sindikukana, ndi mng'ono wanga. Koma kwake ndi kumeneko, amayi. Chitenje chanu chobiriwira chija amagona nacho pansi pa pilo. Akufuna Fomu 3 yake, akufuna anzake a kwaya. Akabwerera nane ulendo uno, ndikuopa kuti sadzayesanso.

Ndiye chonde, pakhomo pasakhale kunong'ona. Awuzeni amayi a Chigwirizano, makamaka a Ezeliya amene amanong'ona ngakhale popempha mchere. Abwere ndithu, tikuwafuna, mapemphero awo anatigwira nthawi yovuta. Koma akhale pomwe iye ali, amuyang'ane, acheze naye. Ngati pali nkhani ya iye, ikambidwe iye ali pomwepo, ngakhale ikhale yowawa. Akatulukira muli pakati pa nkhani, musaidule, ipitirizeni. Abambo asamachoke pabwalo mwakachetechete akamuona, amutume kukatunga madzi ngati kale. Owen naye ayambirenso kulimbana naye za wailesi. Ndipo akasiya mbale zosatsuka, pakuti ulesi umenewo jakisoni sanauchotse, mukalipireni mmene munkachitira, eti.

Dzana tikusoka ndinamufunsa chomwe wachisowa kwambiri kwathu. Ndinkayesa anena mtedza wokazinga kapena anzake. Anati mawu anu. Inu amayi, amene mukaitana mwana muli kudimba anthu a pamsika amacheuka, abambo n'kumati banja lathu silifunika foni! Akuti chidwalireni simunamuitanepo choncho. Munkangobwera monyang'ama n'kumugwira paphewa. Anandiuza kuti mawu a m'mutu mwake onse ndi onong'ona, palibe ndi limodzi lomwe limakuwa ngati inu, ndiye mukamuitana sangakayike kuti ndi ndani. Ine ndinanamizira ulusi kuti waduka, n'kutuluka panja kukapukuta misozi.

Mundiperekere moni kwa abambo, muwauze kuti juzi ndawasokera ina, ndiye chowiringula chatha. Moni kwa Owen, kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa amayi onse a Chigwirizano. A Gladson ndi Faith akupereka moni. Talandira ali pompano akusita, wati ndikuuzeni kuti nsapato zija zamukwana.

Minibasi yathu ifika pa Nsaru cha m'ma folo koloko. Mukationa tikutsika musadikire kuti tifike pafupi, muitaneni muli patali pomwepo, msika wonse umve. Ndipo kalatayi muwerenge mokweza.

Mulungu akusungeni mpaka tionane.

Ndine mwana wanu,
Vainess