Kalasi Imodzi, Ana Anga Awiri

23 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Kuno tilipo, makina osokera akulira, koma mutu wanga sukugwira. Sindizungulira, mukundidziwa.

Aphunzitsi aakulu anandiitanitsa. Ndinapita nditakwiya kale, ulusi uli m'tsitsi, poganiza kuti Phee, mwana wanga woyamba uja, walakwanso. Ayi, nkhani inali ya mlongo wake, Kasingano. Akuti asalowe Sitandade 3, adumphe apite mu 4, chifukwa amamaliza ntchito anzake asanasongole pensulo, kenako n'kumagona kapena kuwakonza aphunzitsi pa bolodi. Akuti tikamusiya, nzeru zake zichita dzimbiri.

Ndinatsala pang'ono kuvina, ine amene ndinaphunzira kuwerenga pa manyuzipepala odulirapo masitayelo a madiresi. Kenako ndinakumbukira kuti Sitandade 4 pasukulupo ndi chipinda chimodzi chokha, ndipo Phee akubwereza momwemo.

Ndinawafunsa ngati iwo angapirire kukhala benchi imodzi ndi mng'ono wawo, zotsatira za mayeso zikuwerengedwa mokweza kuyambira woyamba. Anati ndisamange mwendo wa mwana wothamanga chifukwa wina akutsimphina. Pamenepo ndinayankhula zoti sindingalembe, chitseko n'kuchimenyetsa. M'mawa mwake ndinakapepesa, koma funso lili pomwepo, akufuna yankho sukulu isanatsegulire.

Mukudziwa kumene anazitenga nzeruzo? Madzulo ndimamukhazika Phee pa tebulo lodulira nsalu, ine ndikuponda makina uku ndikumukalipira masamu. Kasingano amakhala pansi pa tebulopo, kutola zidutswa. Zonse zimene ndinkathira mumtsuko wobooka zinkadonthera mwa iye.

Ndinamufunsa mtsikanayo. Anati akufuna mabuku a mu 4 poti a mu 3 anawamaliza kale, kenako anafunsa ngati m'kalasimo azidzamutchabe Phee kuti achimwene. Phee anali pomwepo, akusita malaya a kasitomala. Sanatukule mutu.

"Musiyeni apite, amayi," anatero. "Ine ndizikhala kumbuyo, sadzandiona."

Kolala anaipsereza, ine osakalipa. Achemwali, ine amene mukundidziwa, osakalipa.

Ndikavomera, ndamuphwanya mnyamata. Ndikakana, mtsikana adzandifunsa akadzakula, ndipo pakamwa anatengera ine. Sukulu ina ili kutali, timiyendo take sitingafike. Bambo awo akungoti ndione ndine, ngati ndi nsalu yoti ndikaidula molakwika ndikagula ina.

Inu munalera ana asanu. Musandiuze kuti ndipemphere, ndapemphera kale. Ndiuzeni choti ndikanene.

Moni kwa alamu ndi ana onse. Kasingano akuti mumutumizire buku lililonse, ngakhale long'ambika. Phee sanapemphe kanthu. Wangoti ndikufunseni ngati kwanuko kuli malo ogona munthu mmodzi, akuti iye sadya zambiri.

Ine mng'ono wanu,
Make Phee