Zenera la kubutchala

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino ku Kitwe pamodzi ndi alamu. Kuno tili bwino, koma atate ku Madzimoyo miyendo ikuwavutabe.

Ndikulemba ndili wokwiya. M'kalasi mwa mwana wanga Tisa akuwerenga buku lija la tsankho la ku South Africa, ndipo aphunzitsi anati kuno zotere kunalibe. Tisa anakweza dzanja n'kunena kuti agogo ake, atate athu, ankagula nyama pazenera la kumbali mu Fort Jameson, dzina lakale la tauni yathu ino, chifukwa pakhomo la butchala ankalowera azungu okha. Aphunzitsiwo anamutcha wabodza, n'kumupatsa chilango chotchetcha udzu.

Lolemba ndinapita kukaonana nawo kusukuluko. Sindinakalipe. Ndinangoti zeneralo lilipobe, anangolitseka ndi njerwa, tiyeni mukalione. Iwo anaseka. "Amake Tisa, zimenezo sizibwera pamayeso."

Chimene chandipweteka n'chakuti dzulo mwanayu anandifunsa ngati agogo sanangopeka nkhaniyo.

Inu munkaima nawo pazenera limenelo muli mwana. Chonde mubwere pa Khirisimasi. Mudzamutenge Tisa pamodzi ndi atate, mukamuonetse njerwazo ndi pamene munkaima, atate akadatha kuyenda.

Ambuye akusungeni.

Ine mlongo wanu,
Esnati