Bambo ali m'fulasiki, mayi akulondera phulusa la soseji

Aphungu,

Ndakhala ndikuwerenga tsamba lanuli zaka zambiri, kumaseka mavuto a anzanga, lero zandigwera ine. Chonde mundiyankhe Loweruka lisanafike, chifukwa likangodutsa madzi akhala atatayika kale.

Ndine bambo wa zaka 57, ndimayendetsa basi kuno kumadzulo kwa Melbourne, ndipo kwathu tonse timachemerera Akakowa a ku Kororoit, timu ya mpira wa kuno uja womenya ndi mwendo n'kuwakha ndi manja. Sitinachite kusankha ayi. Bambo anga a Wenzu atatsika sitima kuchokera ku Malta, munthu woyamba kuwalankhula mwaulemu pafakitale anali wa Akakowa, basi nkhani inathera pomwepo. Ine anandilembetsa umembala ndisanabatizidwe n'komwe. Mlongo wanga Marlene atabweretsa chibwenzi chochemerera timu ina, bambo anachipatsira chakudya pakhonde.

Zimene zikumveka mwazimva kale: akuluakulu a timu akufuna kuisamutsira kutali kumpoto ku Darwin, bwalo lathu aligulitse kuti pamangidwe nyumba zosanja. Mamembala tikavota mwezi wamawa. Anzanga onse akulira za timu, koma ine chikundisowetsa mtendere ndi phulusa.

Bambo anamwalira zaka zisanu ndi zinayi zapitazo. Ali m'chipatala anatiitana nati, "Mukanditenthe, phulusa langa mukalimwaze pagolo la kumtsinje. Ndikufuna ndizimuona bwino woyimbira akamatibera." Malamulo a bwalo salola, koma ndani sadziwa mmene zimachitikira? Masewera akatha, lipenga lachiwiri likalira, tonse timalumpha mpanda kukamenya mpira pakapinga, ndipo m'chipwirikiti chimenecho madoda ambiri a dera lino anatsalira pamenepo. Wina amabwera ndi phulusa la bambo ake m'thumba la jekete, wina m'sokosi. Ife tinagwirizana za fulasiki yaikulu ya tiyi, poti alonda a pachipata saitsegula.

Ntchito yothira bambo m'fulasikimo anandipatsa ine. M'mawa wa tsikulo ndinalowa m'galaja, ndinawathira bwinobwino, anakwana ndithu poti anali munthu wamfupi. Nditatseka ndinangoima chilili. Chaka chimenecho timu inali italuza masewera khumi ndi limodzi motsatizana, ndiye ndinadzifunsa kuti, munthu wagwira ntchito zaka makumi anayi mokhulupirika, lero akapondedwe ndi anyamata olephera ngakhale kuwakha mpira? Ndinatenga fulasiki ina, ndinapala phulusa la m'mbaula imene timawotchera soseji, n'kudzaza. Ya bambo ndinaibisa pashelefu kuseri kwa zitini za penti.

Aphungu, mwambo unayenda bwino kuposa maliro enieniwo. Mayi anga a Cetta anawaza madzi odalitsa amene anabwera nawo m'kabotolo ka mankhwala a chifuwa. Marlene analira mpaka kugwada m'matope. Ine ndinapendeketsa fulasiki ngati ndikutaya tiyi wozizira. Tisanachokepo, mbalame za kunyanja zinatera pamalopo chigulu, kulimbirana, phokoso lokhalokha. Mayi anandigwira mkono nati, "Taona Salvu, ndi mbalame zomwe zabwera kudzakhuza." Ine ndinali nditaona ina ikuuluka ndi kachidutswa ka anyezi, koma ndinangoti, "Eya, mayi."

Kuyambira pamenepo, masewera aliwonse a pakwathu mayi amayamba apereka moni kugolo lija. Amawauza bambo amene wakwatiwa, amene wamwalira, ndi mmene bondo likuwawira. Kapinga wa pamenepo atabiriwira kuposa pena ponse anati, "Bambo ako anali ndi dzanja la dimba." Wosewera wa timu ina akaterereka pafupi ndi golo amaimirira n'kukuwa, "Wenzu wamukola mwendo! Mugwetsenso, mwamuna wanga!" Anthu a mzere wathu wonse anazolowera, ena mpaka amavula zipewa.

Bambo enieniwo ndinkati ndidzawamwaza mwakachetechete tsiku limene tidzapambane bwino. Tinapambana, ndinati sabata yamawa. Kenako ndinayamba kuwamvera chisoni kuti akungokhala ndi penti, ndiye ndinayamba kupita nawo kumpira. Mayi amakhala kudzanja langa lamanzere, fulasiki ndimaiika pansi kudzanja lamanja. Zaka zonsezi anthu awiriwa akhala akuonera mpira limodzi, pakati pawo pali miyendo yanga yokha. Tsiku lina kukuzizira koopsa mayi anati, "Iwe, tiyi wakoyo bwanji sumwa? Tandithirireko." Ndinati ndi wa pobwerera. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nati, "Umbombo ngati bambo ako." Ku Adelaide tapitako limodzi kanayi pagalimoto, ine ndi bambo, ndipo ndimawafotokozera zonse m'njira. Woyimbira akalakwitsa ndimakuwa kawiri kuti "Mphutsi iwe!", kamodzi kanga, kamodzi kawo.

Amene akudziwa ndi akazi anga a Raelene okha. Anaipeza fulasikiyo chaka chachitatu akufuna kuthiramo supu. Anati, "Salvu, m'fulasikimu muli chiyani?" Ndinati, "Muli apongozi anu." Anakhala pansi pa chitini cha penti, kenako anati, "Ndiye ine ndikachokera kosambira kunyanja ndimasinthira zovala m'galaja muno, inu osanena?" Kuyambira tsikulo amagogoda asanalowemo, koma amandiuza chaka chilichonse kuti ndikaulule.

Tsopano imvani pamene zafika. Loweruka likubwerali ndi masewera omaliza a pakwathu tisanavote. Mayi ali ndi zaka 84, amayenda ndi ndodo, ndipo chaka chatha anagonekedwa milungu itatu ndi chibayo. Agula tcheni cha njinga ndi loko. Akuti lipenga lachiwiri likangolira akadzimangirira kumzati wa golo, sachokapo mpaka akuluakulu a timu atalumbira kuti bwalo saligulitsa. Marlene wawalembera chikwangwani chachikulu chakuti MWAMUNA WANGA ALI PANO, ndipo a wailesi yakanema alonjeza kubwera. Kiyi akuti akaibisa pamalo pamene wapolisi woleredwa bwino sangapisepo dzanja.

Ndinayesa kuwaletsa. Ndinati, "Mayi, adokotala anati musamakhale pamphepo." Anati, "Bambo ako agona pakapinga paja zaka zisanu ndi zinayi opanda bulangete, unawamvapo akudandaula? Timu ipite ku Darwin ikadyedwe ndi ng'ona, ilo si vuto langa. Koma munthu asamange chimbudzi chake pamutu pa mwamuna wanga." Kenako anatsitsa mawu, nandigwira dzanja monga ankachitira ndili mwana, nati, "Ndipo ine ndikapita, ukandithire pomwepo, pambali pake. Ndiwe wekha ndimakukhulupirira pa ntchito imeneyi, Marlene ndi wamanjenje." Aphungu, ndinapita kubafa kukalira. Mayi anga akufuna kukagona mpaka muyaya pambali pa soseji, ndipo wawachititsa ndine.

Ndaganiza njira ziwiri. Yoyamba, Loweruka lomwelo ndikawamwaze bambo enieniwo mwachinsinsi anthu akumenya mpira, kuti chikwangwani chija chikhale choona ndipo bodza langa life lokha. Yachiwiri, ndingokhala chete n'kumapemphera kuti voti ikane kusamuka. Kuwauza ndikuopa. Ndikuopa mtima wawo, ndikuopa ndodo yawo, ndipo kunena zoona ndikuopa kuti andilanda bambo. Kodi inu mukuona kuti timuyi isamukadi? Nanga ndichite chiyani?

S.Z., Sunshine West

*

Bambo S.Z.,

Ndisakunamizeni, ndinaseka mpaka tiyi kunditsamwa, makamaka pa anyezi paja. Ndinasiya kuseka nditafika pa chibayo. Ndiye tiyeni tikambirane ngati akuluakulu.

Funso lanu loti timu isamuka kapena ayi, sindikudziwa. Ine ndimachemerera timu ina, imene sinditchula kuti mupitirize kuwerenga. Matimu ena anasamukapo kale mumzinda muno, ena mamembala anakana ndipo alipobe. Koma vuto lanu si voti. Ngakhale Akakowa atakhala pabwalo limenelo zaka zana zina, mayi anu adzakhalabe akupereka moni kwa mbaula, ndipo inu mudzakhalabe mukudziwa. Choncho njira yanu yachiwiri ija ichotseni.

Yoyamba ija ndiye ndakukanizani kwamtuwagalu. Mukufuna kukataya bambo anu mobisa, mothamanga, pamalo pamene mwina chaka chamawa padzakhala akatapila akugumula bwalo, akazi awo ali chapafupi osadziwa kuti maliro enieni ndi amenewo. Zonsezo n'cholinga choti nkhope yanu isachite manyazi. Mukatero mudzakhala mwawabera mayi anu kawiri.

Nkhani ya masewera khumi ndi limodzi ija musadzainenenso kwa munthu. Akakowa akhala akuluza kuyambira ndili pasukulu, ndipo bambo anu ankaidziwa bwino timu imene ankapempha kuti iziwaponda. Inu simunawamwaze chifukwa simunali okonzeka kukhala opanda bambo. Palibe chochititsa manyazi pamenepo, ambiri tinadutsamo. Cholakwa n'chakuti inu munapeza chokutonthozani, mayi anu munawapatsa zinyalala za m'mbaula, ndipo mwakhala pakati pawo zaka zonsezi ngati mpanda.

Muwauze Lachisanu lisanathe. Koma yambani ndi Marlene, mawa lomwe, panja, poimika magalimoto kapena kupaki, kumene angakuwe mokwanira popanda mayi kumva. Iyenso anagwada m'matope chifukwa cha inu, ndiye mulekeni akutukwaneni mpaka mawu athe, musadziteteze. Akapsa mtima n'kuzizira, mufunika thandizo lake.

Kenako mupite kwa mayi masana, atadya, atakhala pampando, mankhwala awo ali pafupi. A Raelene apite nawo, poti iwo akhala akunena zoona kuyambira kale ndipo mayi adzafuna munthu mmodzi m'chipindamo amene sakumukwiyira kwambiri. Musayambe ndi mbiri ya timu kapena ya sitima ya ku Malta. Ikani fulasiki patebulo munene kuti, "Mayi, ndinakunamizani. Bambo sindinawamwaze, ndinalephera kusiyana nawo. Ali umu." Akafunsa kuti nanga pagolo paja munathira chiyani, ndipo adzafunsa ndithu, yankhani zoona, soseji ndi anyezi yemwe. Mukabisako kachidutswa, Marlene adzakaulula pa Khirisimasi.

Za mtima wawo musade nkhawa mopitirira. Mayi amene wagula tcheni n'kuitana atolankhani pa zaka 84 si dzira. Mphepo ya pabwalo paja ndi imene ingawagwetse, osati mawu anu. Adzakwiya, mwina masabata angapo, ndipo ndodo ija mwina idzagwira ntchito. Imani pomwepo muilandire. Tsiku lina adzaiseka nkhaniyi, koma musayambe ndinu kuseka.

Ngati atamva zonse akufunabe kukadzimangirira, ndi ufulu wawo, ndi membala ngati inu, ndipo pakapinga paja pali amuna a anzawo ambiri amene alipodi. Chikwangwani chokha chisinthidwe. Avale jekete lochindikala, mutenge mpando ndi bulangete, mugwirizane ola limodzi, ndipo Marlene akadulitse kiyi yachiwiri mwakachetechete. Tiyi mutenge weniweni ulendo uno.

Zoti bambo akamwazidwe kuti, kaya pagolo pomwepo voti ikayenda bwino, kaya atsatire timu ku Darwin, kaya akhale pakabati mpaka mayi adzawapeze, musabwere ndi maganizo anu. Inu munavota kale nokha m'galaja muja, ndipo voti yanu yalamulira zaka zisanu ndi zinayi. Tsopano ndi nthawi ya mkazi wawo.

Chenjezo langa ndi ili. Mwanena kuti mukuopa kuti akulandani bambo. Akulandanidi, ndipo ayenera kutero. Mukaika fulasikiyo patebulo, chotsanipo manja anu. Pochoka musaitenge, ngakhale mayi atakhala kuti sakukulankhulani, ndipo musawafunse kuti adzakubwezerani liti.

Aphungu